Zinthu 13 zodabwitsa kwa wofuna kugulitsa nsomba ndi masamba a aquaponics kudziko lozizira

Munthu akaona koyamba famu ya aquaponics mtima umatengeka. Nsomba zili m'mathanki, madzi ake akuyenda m'mapaipi kupita kumene kukuyandama masamba, mizu ikulendewera m'madzimo, kenako madzi omwewo akubwerera kwa nsomba atayera. Ndowe za nsomba ndiye feteleza, mizu ndiye sefa. Kunja chipale chofewa chafika m'mawondo, koma m'kati letesi ali biriwiri. Ku Wisconsin, ku Minnesota, ku Alberta, ku Berlin ndi ku Sweden anthu ambiri aona zimenezi n'kuganiza kuti apeza mgodi: kugulitsa zakudya zongokolola kumene pa nyengo imene minda yonse yauma gwa ndi chisanu. Ineyo ulimi umenewu ndimaukonda, ndipo n'chifukwa chake zimandipweteka kuona anthu akuthiramo mpamba wawo wonse asanadziwe zimene zili m'munsizi.

1. Mwa alimi 10 alionse, amene ankapeza phindu anali 3 okha

M'chaka cha 2015 David Love ndi anzake a ku yunivesite ya Johns Hopkins anatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anafunsa anthu 257 ochita aquaponics ngati bizinesi, ambiri mwa iwo a ku America. Amene ananena kuti apeza phindu m'miyezi 12 yapitayo anali 31 pa 100 alionse. Pamene ofufuzawo anayang'ana kuti opeza phinduwo akusiyana bwanji ndi anzawo, panatuluka zinthu ziwiri zofunika kuzisunga pamtima. Choyamba, mwayi wopindula unali waukulu kwa amene ali kumadera kumene nyengo yachisanu siluma kwambiri. Chachiwiri, unali waukulu kwa amene sagulitsa chakudya chokha, koma amagulitsanso zipangizo, maphunziro ndi upangiri kwa ena ofuna kuyamba.

Mfundo yachiwiriyi muilingalire bwino. Ikutanthauza kuti munthu amene akukuuzani kuti bizinesiyi ili ndi ndalama mwina akunena zoona, koma ndalama zakezo zikuchokera kwa inuyo amene mukulipira maphunziro ndi mathanki, osati kwa ogula letesi. Musanasainire kalikonse mufunseni kuti pa ndalama zimene amapeza pa chaka, ndi zingati zimachokera ku nsomba ndi masamba.

2. Ndalama zili m'masamba, nsomba ndi chikwangwani

Anthu obwera kudzaona famu amathamangira ku mathanki, ndipo atolankhani amajambula nsomba. Koma amene amalipira ngongole ya ku banki ndi letesi, basil ndi masamba ena ofewa. Letesi kuchokera pofesa mpaka pokolola amatenga masabata 5 kapena 6, ndipo ukafesa sabata iliyonse umakololanso sabata iliyonse. Tilapia imafuna miyezi 6 mpaka 9 kuti ifike pogulitsidwa. Salmon kuchokera ku dzira imafuna zaka ngati ziwiri, ikudya tsiku ndi tsiku osabweza ngakhale kobiri.

Ngakhale kamangidwe ka famu kamasonyeza zomwezi. James Rakocy, amene kwa zaka zambiri anakonza njira yodziwika kwambiri ya ulimiwu ku University of the Virgin Islands, anapeza kuti magalamu 60 mpaka 100 a chakudya cha nsomba pa tsiku amakwanira kudyetsa sikweya mita imodzi ya mbewu. Ndiye kuti nsomba zochepa zimasenza munda waukulu ndithu. Pokonza mapulani, yambani kuwerengera mitu ya letesi imene msika ungatenge pa sabata, ndipo chiwerengero cha nsomba chitsatire pamenepo.

3. Kilogalamu imodzi ya tilapia inadya mphamvu zokwana mayuniti 159

Tilapia ndi ya mtundu umodzi ndi chambo ndi makumba athu, ndipo khalidwe lake ndi lomwelo: imasangalala m'madzi a madigiri 27 mpaka 30, imasiya kudya bwino akatsika pansi pa 20, ndipo imafa akafika cha m'ma 10. Alimi a madamu ku Dedza amadziwa mmene nsomba zimaimira kukula mu June ndi July. Tsono taganizani dziko limene kunja kumakhala pansi pa ziro miyezi itatu kapena inayi.

Gulu lomwe lija la Johns Hopkins linali ndi famu yakeyake yaing'ono ku Baltimore, ndipo linalemba mphamvu zonse zimene zinkalowa, zamagetsi ndi za gasi. Kuti atulutse kilogalamu imodzi ya tilapia pankapita mayuniti 159, okwana pafupifupi madola 12. Kilogalamu ya masamba inkafuna mayuniti 56, pafupifupi madola 6. Famuyo inali yaing'ono komanso yophunzitsira, choncho famu yaikulu yotchingidwa bwino ingachepetse chiwerengerochi. Komabe Baltimore siyozizira ngati Minneapolis kapena Edmonton. Masamu ake ndi osakakamira: kukweza malita 1,000 a madzi ndi digiri imodzi kumafuna yuniti imodzi ndi pang'ono. Madzi a pansi pa nthaka kumpoto kwa America amatuluka ali cha m'madigiri 8 mpaka 10, ndipo tilapia ikuwafuna pa 28. Kusiyana kumeneko mumalipira ndinu, tsiku loyamba ndi tsiku lililonse limene kutentha kukuthawira m'makoma ndi padenga.

Chodabwitsa n'chakuti pa kafukufuku wa anthu 257 uja, pafupifupi alimi 7 mwa 10 alionse ankawetabe tilapia, chifukwa ndi nsomba yopirira zolakwitsa za munthu wongoyamba kumene. Oposa 4 mwa 10 ankaweta nsomba zokongoletsa ngati koi, zimene sizipita mumphika n'komwe.

4. Mukuweta zamoyo zitatu, ndipo chimene simuchiona ndicho chimaopa chisanu kwambiri

Pakati pa nsomba ndi masamba pali mabakiteriya. Nsomba zimatulutsa amoniya, amene ndi poizoni kwa izo zomwe. Mabakiteriya amasintha amoniyayo kukhala nitrite, kenako nitrate, amene mizu imayamwa. Popanda iwo mathanki amasanduka manda. Tizilomboti timagwira ntchito mwachangu m'madzi ofunda, cha m'madigiri 25 mpaka 30, ndipo timachita ulesi madzi akazizira. Letesi yekha amakonda pakatikati, cha m'ma 15 mpaka 22. Trout imafuna madzi ozizira, cha m'ma 10 mpaka 16. Palibe nambala imodzi imene imakondweretsa onse.

Pamenepa pali zinthu ziwiri zokhudza msika mwachindunji. Famu yatsopano imafuna masabata 3 mpaka 6 kuti mabakiteriya akhazikike musanaikemo nsomba zambiri, ndipo madzi akakhala ozizira nthawiyo imatalika. Amene walonjeza sitolo kuti ayamba kupereka katundu mu January, n'kudzaza mathanki mu December, walonjeza zimene sangakwanitse. Mathanki adzazidwe nyengo ikadali yofunda kuti chisanu chidzapeze zonse zikuyenda.

Chinthu chachiwiri ndi chabwino. Madzi ozizira amasunga mpweya wa okosijeni wambiri: pa madigiri 10 lita imodzi imasunga mamiligalamu ngati 11, pamene pa madigiri 30 imasunga 7 ndi theka. Nsomba za m'madzi ozizira monga trout, Arctic char ndi salmon ndizonso zimagulidwa pa mtengo wabwino kumayiko akumpoto. Kwathu kuno trout inakhazikika pa phiri la Zomba ndi ku Nyika pa chifukwa chomwechi, madzi ake ndi ozizira. Choncho wolima kudziko lachisanu angachite bwino kusankha nsomba yogwirizana ndi madzi amene ali nawo, n'kumanga malo aakulu okhalamo mabakiteriya kuti kuchuluka kwawo kulipire ulesi wawo.

Akatswiri a ku IGB, bungwe lofufuza za m'madzi ku Berlin, motsogozedwa ndi Werner Kloas, anapita patsogolo n'kulekanitsa mbali ziwirizi. Madzi a nsomba amapita kwa tomato koma sabwerera mwachindunji, ndipo mbali iliyonse imakhala ndi kutentha ndi asidi wake. Chithunzi chokongola chija cha madzi ozungulira chimachepa, koma zokolola zimakula.

5. Chosowa chachikulu si kutentha, ndi dzuwa

Munthu angafunditse nyumba, koma mbewu sizikula ndi kufunda kokha. Kumapeto kwa December usana ku Wisconsin umakhala maola ngati 9, ku Stockholm ngati 6, ku Reykjavik ngati 4, ndipo dzuwa lakelo limangodutsa m'munsi osakwera pamutu. Galasi kapena pulasitiki ya greenhouse ndi zitsulo zake zimabanso gawo lina la kuwala kochepako. Ofufuza a ku yunivesite ya Cornell, amene analima letesi wa m'madzi kwa zaka zambiri ku New York, anapeza kuti kuti mutu ukule pa liwiro lofanana chaka chonse, mbewu iyenera kulandira kuwala kofanana tsiku lililonse. M'miyezi yachisanu mlengalenga mumapereka gawo lochepa chabe la muyeso umenewo, ndipo chotsalacho chimachokera ku mababu.

Wopanda mababu amaona letesi wa masabata 5 akutenga masabata 9 kapena 10, pa nyengo yomweyo imene mtengo wakwera ndipo ogula akuimba foni. Ndipo mbewu zikachedwa kukula zimayamwanso nitrate wochepa, madzi a nsomba n'kuyamba kuipa. Mapulani ambiri amene amalephera amakhala atawerengera zokolola za mu June n'kuzichulukitsa ka 12.

6. Kudziko lachisanu famu imalimbana ndi chinyezi

Madzi ofunda m'nyumba yotsekeka amatulutsa nthunzi, masamba nawonso amatulutsa yawo. Nthunziyo ikagunda galasi lozizira imasanduka madontho ogwera pa mbewu, nkhungu n'kuyamba, zitsulo n'kuchita dzimbiri. Mukatsegula mawindo kuti chinyezi chituluke, kutentha kumene mwagula kumatuluka nacho limodzi. Makina oumitsa mpweya ndi bilu yachitatu imene ambiri amaiwala. Ndipo nkhungu kapena nsabwe za m'masamba zikabwera simungapopere mankhwala wamba, chifukwa madzi omwewo akupita kwa nsomba. Walira mvula walira matope.

7. Wopikisana nanu ali pa mtunda wa makilomita 3,000, ndipo thiraki yake ndi yotchipa kuposa mababu anu

Anthu ambiri amalowa ndi maganizo akuti m'nyengo yachisanu msika ulibe masamba. Lowani m'sitolo ya ku Chicago mu January, mupeza mashelufu odzaza. Kuyambira November mpaka March, pafupifupi 90 pa 100 ya letesi wa ku America amachokera kudera la Yuma ku Arizona ndi madera oyandikana nalo, kumene dzuwa ndi laulere. Miyezi yotentha amachokera ku chigwa cha Salinas ku California. Ku Ulaya ntchito imeneyi amagwira ndi Murcia ndi Almería ku Spain. Ku Almería kokha ma greenhouse a pulasitiki aphimba mahekitala oposa 30,000, moti amaoneka pa zithunzi zojambulidwa kuchokera mumlengalenga. Kunyamula letesi masiku atatu kapena anayi m'thiraki ya firiji kumawonjezera ndalama zochepa pa mutu uliwonse poyerekeza ndi kuufunditsa ndi kuuwalitsa kwa mwezi wathunthu.

Pa mtengo simungapambane, ndipo musayese. Pamene pali mpata ndi pa zimene njira yaitaliyo imalephera. Masamba odulidwa dzulo amakhalitsa m'firiji ya wogula, ndipo mwini sitolo amataya ochepa. Basil amada akazizidwa kwambiri paulendo, choncho wolimidwa pafupi amafika ali bwino. Palinso nkhani ya kudalirika. M'chaka cha 2018 letesi wa mtundu wa romaine wochokera ku Yuma anafalitsa kachilombo ka E. coli, anthu 210 anadwala m'zigawo 36 za America ndipo 5 anamwalira. Mu February 2017 masitolo akuluakulu a ku Britain anaika malire a letesi amene munthu mmodzi angagule chifukwa nyengo inaipa ku Spain, ndipo mu February 2023 zinachitikanso ndi tomato, nkhaka ndi tsabola. Wogula wa sitolo amene anakhalapo ndi mashelufu opanda kanthu amamvetsera mukamuuza kuti muli pa mtunda wa ola limodzi ndipo mudzabwera Lachiwiri lililonse.

Koma samalani: E. coli yemweyo anachititsa kuti ogula aziopa mawu akuti ndowe, ngakhale za nsomba. Sitolo yaikulu idzafuna satifiketi ya ukhondo wa chakudya ndi zotsatira za kupima madzi isanalandire bokosi loyamba. Zimenezi zimatenga miyezi, ndipo ziyenera kukhala m'mapulani kuyambira pachiyambi.

8. Nyengo yovuta pa malonda ndi yotentha

Kuyambira June mpaka September alimi a m'minda ya pafupi amadzaza misika ndi masamba otchipa, nawonso akunena kuti ndi a kwathu konkuno. Mawu amene munkagulitsira katundu wanu mu February sakhalanso anu nokha. M'greenhouse namo mumatentha, letesi amathamangira maluwa n'kuyamba kuwawa, ndipo trout imavutika madzi akapitirira madigiri 20. Mgwirizano wabwino ndi wogula ndi wa miyezi 12 pa mtengo umodzi: inu musamukwezere mu January, iye asakutayeni mu July.

9. Famu yomweyo ndi organic ku America koma ku Ulaya ayi

Chizindikiro cha organic chimakweza mtengo, ndipo mapulani ambiri amadalira mtengo wokwerawo. Mu November 2017 komiti yolangiza boma la America pa nkhaniyi inakana, ndi mavoti 8 kwa 7, ganizo loletsa kuti mbewu zolimidwa m'madzi zizilandira chizindikirochi. Voti imodzi yokha. Choncho letesi wa aquaponics ku Wisconsin angakhale organic. Ku European Union lamulo la 2018/848, limene linayamba kugwira ntchito mu January 2022, limafuna kuti mbewu za organic zimere m'nthaka, ndipo silivomereza nsomba zoleredwa mpaka kukula m'mathanki a madzi ozungulira. Amene akukopera mapulani a famu ya ku America kuti akamange ku Ireland kapena ku Germany akukopera mtengo umene lamulo silidzamulola kuupeza.

10. Nsomba yamoyo ingagulidwe bwino kuposa yosenda bwinobwino

Mukachotsa mutu, minga, khungu ndi matumbo a tilapia, mnofu wotsala ndi gawo limodzi mwa magawo atatu basi. Mnofu umenewo ukakumana m'sitolo ndi wa m'firiji wochokera ku China, dziko limene limaweta tilapia yambiri padziko lonse m'madamu ofunda okha, mpikisano umatha usanayambe. Komanso kusenda nsomba zogulitsa kumafuna chipinda chovomerezeka, antchito ndi malamulo a ukhondo a HACCP, amene ku America akhala okakamiza pa nsomba kuyambira 1997.

N'chifukwa chake alimi ambiri a tilapia ku America ndi ku Canada amagulitsa nsomba zamoyo ku masitolo a anthu ochokera ku Asia m'mizinda ngati Toronto, New York ndi Chicago, kumene wogula amaloza nsomba m'thanki. Nsomba yamoyo singachokere ku China pa sitima. Msika wotero ndi waung'ono ndipo umayenda pa kudziwana, koma ndi weniweni. Anthu ochokera ku Africa, amene anazolowera nsomba yathunthu ndi mutu wake, nawonso ndi ogula amene mapulani ambiri sawatchula.

Kudya kwa eni dera kumatsegulanso khomo lina. Ku Wisconsin kuli mwambo wodya nsomba yokazinga Lachisanu madzulo, ndipo nsomba yokondedwa ndi yellow perch. Itachepa m'nyanja ya Michigan m'zaka za m'ma 1990, usodzi wake wa malonda unatsekedwa m'mbali zambiri za nyanjayo ndipo mtengo unakwera. Alimi a ku Milwaukee anaona mwayi. Anapeza kuti msika ulipodi, koma nsombayo imakula pang'onopang'ono ndipo mbewu yake ndi yovuta kupeza chaka chonse. Mtengo wabwino pawokha sukwanira ngati simunadziwe kumene tiana ta nsomba tidzachokere mwezi ndi mwezi.

Pali kanthu kenanso kakang'ono kamene kangaphe dzina la famu tsiku limodzi. Nsomba za m'mathanki a madzi ozungulira nthawi zina zimamveka fungo la dothi, lochokera ku chinthu chotchedwa geosmin. Zimafunika kusungidwa masiku angapo m'madzi oyera osadya zisanapite kumsika. Wophika wa lesitilanti akalawa matope kamodzi saodanso.

11. Malo abwino ndi pafupi ndi munthu amene akutaya kutentha

Popeza bilu yaikulu ndi ya mphamvu, funso loyamba posankha malo si mtengo wa lendi. Ku Brussels famu ya BIGH inatsegulidwa mu 2018 padenga la msika wa Foodmet ku Anderlecht, ndipo inamangidwa kuti izigwiritsa ntchito kutentha kotuluka m'mafiriji a ogulitsa nyama amene ali pansi pake. Ku Iceland madzi otentha ochokera pansi pa nthaka amafunditsa ma greenhouse a tomato ndi nkhaka, ndipo ku Hveragerði kuli ngakhale nthochi. Ku Reykjanes kampani ya Stolt Sea Farm imaweta nsomba ya m'madzi ofunda yotchedwa Senegalese sole ndi madzi otuluka pa siteshoni yopanga magetsi. Fakitale, malo ofululira mowa, nyumba zosungira makompyuta akuluakulu, onsewa amalipira ndalama kuti achotse kutentha kumene inu mukanagula.

Kufunika kwa zimenezi kunaonekera mu 2022, mtengo wa gasi ku Ulaya utakwera koopsa nkhondo ya ku Ukraine itayamba. Alimi ambiri a ma greenhouse ku Netherlands, akatswiri okhala ndi zaka zambiri pa ntchitoyi, anazimitsa mababu kapena kudumpha nyengo yachisanu yonse. Wolima tomato angachite zimenezo. Woweta nsomba sangazimitse kalikonse.

12. Mafamu amene anatchuka kwambiri ndi amene anatseka

Apa ndi pamene ndikufuna muchedwepo. Sweet Water Organics inayamba mu 2008 m'fakitale yakale ku Milwaukee, ikuweta perch ndi tilapia. Alendo ankabwera kuchokera kutali kudzaona. Mu 2011 khonsolo ya mzindawo inaipatsa ngongole ya madola 250,000 imene ikanakhululukidwa ikanalemba anthu ntchito monga inalonjezera. Pofika 2013 famuyo inali itatseka. Mumzinda womwewo munali Growing Power ya Will Allen, munthu amene anaphunzitsa anthu masauzande ulimi wa m'tauni ndipo analandira mphoto ya MacArthur mu 2008. Bungwelo linatha kumapeto kwa 2017 lili ndi ngongole. FarmedHere, pafupi ndi Chicago, imene masamba ake ankapezeka m'masitolo odziwika a mumzindawo, inatseka kumayambiriro kwa 2017.

Ku The Hague kampani ya UrbanFarmers inamanga mu 2016 greenhouse padenga la nyumba yakale ya Philips, nsomba zili pansanjika ya m'munsi mwake, ndipo inkatchedwa famu yaikulu ya padenga ku Ulaya. Mu 2018 inagwa. Inamangidwa pamtunda wa mphindi zochepa kuchokera ku Westland, dera limene lili ndi ma greenhouse ochuluka ndi aluso kuposa pafupifupi kwina kulikonse padziko. Tomato wa padenga anali wodula kwambiri pamene tomato wabwino wa pafupi anali mbwee. Ku St. Paul, Minnesota, Urban Organics inayamba m'nyumba yakale yofululira mowa ya Hamm's, n'kukulira ku ina ya Schmidt mu 2017, ya masikweya mita ngati 8,000, mothandizidwa ndi kampani yaikulu ya zipangizo zamadzi ya Pentair. Mu 2019 Pentair inaitseka. Upward Farms ya ku Brooklyn inalengeza mu 2022 kuti imanga famu ya masikweya mita oposa 23,000 ku Pennsylvania, ndipo mu March 2023 inalengeza kuti ikutseka zonse.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Komabe sindikutchula maina amenewa monyoza. Anthuwa anagwira ntchito yolimba ndipo ambiri a iwo nsomba zawo zinkakula, masamba awo anali okoma. Chimene chimaonekera mobwerezabwereza n'chakuti nyumba yakale yotchipa imadya magetsi chifukwa ilibe dzuwa, kuti antchito ofesa, okolola, otsuka ndi olongedza amadula kwambiri kumayiko olemera, ndiponso kuti anthu oyamikira si onse amene amagula. Nyuzipepala, alendo, mphoto ndi thandizo la boma zingasunge famu zaka zitatu kapena zinayi popanda aliyense kufunsa ngati bokosi la letesi likubweza ndalama zimene linadya.

Onjezanipo ngozi ya usiku umodzi. Kumapeto kwa January 2019 ku Minneapolis kunazizira kupitirira madigiri 30 pansi pa ziro, ndipo kampani ya gasi inapempha makasitomala ake kuti achepetse kufunditsa nyumba zawo. Pa usiku wotero magetsi akathima, nsomba zothithikana m'thanki zimayamba kufa m'maola ochepa chifukwa cha kusowa mpweya, mapaipi amaphulika, ndipo mabakiteriya aja akafa mumayambiranso pa sabata yoyamba. Jenereta yodziyatsa yokha, okosijeni wosungira ndi alamu yoimba foni ndi mbali ya mpamba woyambira, pamodzi ndi ndalama zoyendetsera famu kwa chaka chathunthu isanayambe kudzilipira.

13. Wogula amapezeka konkire isanathiridwe

Pali njira ziwiri zimene zinayamba ndi funso la msika. Ku Hixton, kumudzi ku Wisconsin, Superior Fresh inatsegulidwa mu 2017 ndi mpamba wa banja la Wanek, eni kampani ya mipando ya Ashley. Sinasankhe tilapia. Inasankha Atlantic salmon, nsomba ya m'madzi ozizira imene anthu a ku America amadya kwambiri koma amaitanitsa kuchokera ku Chile, Norway ndi Canada, ndipo inakolola yoyamba mu 2018. Masamba inawaika m'greenhouse yagalasi yolandira dzuwa, ndi chizindikiro cha organic, pafupi ndi msewu waukulu wa Interstate 94 wolumikiza Minneapolis, Milwaukee ndi Chicago. Njira imeneyi imafuna mamiliyoni ambiri a madola ndi eni ake otha kudikira zaka.

Njira ina inachokera ku Berlin. Kampani ya ECF itayesa mbewu zosiyanasiyana inakhazikika pa chinthu chimodzi, basil wa m'timiphika, ndi wogula mmodzi wamkulu, masitolo a REWE. Mu 2021 REWE inatsegula sitolo ku Wiesbaden yokhala ndi famu padenga pake, yokonzedwa kuti izitulutsa timiphika ta basil 800,000 ndi nsomba 20,000 pa chaka, zogulitsidwa m'sitolo yomweyo ndi m'masitolo ena a REWE a m'deralo. Mtengo, kuchuluka ndi kumene katundu akupita zinadziwika nyumba isanamangidwe.

Munthu wa mpamba wochepa sangatengere kukula kwa mafamu amenewa, koma dongosolo lake angalitengere. Pitani kwa ophika a m'malesitilanti, kwa eni masitolo ang'onoang'ono, kwa ogulira masukulu ndi zipatala, muwafunse chimene amasowa mu February, mtengo umene amalipira tsopano, ndi mabokosi angati pa sabata. Lembani mayankhowo. Kenako tengani bilu ya magetsi ndi gasi ya mwezi wozizira kwambiri, muigawe ndi zokolola za mwezi womwewo, osati za chaka chonse. Ngati mtengo wa wogula uja ukupitirira nambala imeneyo n'kutsalako ya antchito ndi ya ngongole, mangani famu yaing'ono, muidutsitse nyengo yachisanu imodzi yathunthu, ndipo muikulitse pokhapokha maoda akachuluka kuposa masamba. Ngati sukupitirira, musagule thanki ngakhale imodzi.